Buku la Msana Wobiriwira

9 Malichi

Amake Namafunso,

Moni wanga ukupezeni inu, ana ndi amayi. Ndikhulupirira kuti mwendo wa amayi uja waphwa. Ine kuno ndadzuka bwino, kungoti kachifuwa kaja kakukanirira. Ndi fumbi la siponji limene timapuma tikamasenda sofa zakale, musade nazo nkhawa. Ntchito ikuyenda. Abwana masiku ano akuyankhula motilozaloza chala, koma zimenezo tidzakamba pamaso.

Achimwene anu anyamuka ndi lole Lachiwiri, ndiye ndawapatsa kalata ino, ndalama ya sukulu ndi katoni ya mwezi uno. M'katonimo muli matepi a kanema ndi mabuku a Namafunso. Tepi ya wophika wonenepa amene amathamangitsidwa ndi atsekwe muionetse Lamlungu masana, ana akafa nalo phwete. Za nkhonya muzisungira madzulo, akuluakulu akaweruka.

Munafunsa kuti zinthu zimenezi ndimazitola kuti. Loweruka tikaweruka masana anzanga amathamangira ku mpira, ine ndimatsetserekera kuseri kwa siteshoni ya basi. Kumeneko kuli kamsewu ka mashopu a zinthu zakale. Ndi kaunjika ndithu, koma wa mabuku, matepi ndi malekodi. Shopu yoyamba ndi ya mayi wina wosaseka, matepi ake amawaunjika m'makireti a mkaka. Yachiwiri ndi ya malekodi, imanunkha mphaka, ndipo mphakayo amasankha kugona pa malekodi abwino okhaokha. Yachitatu, ya kumapeto, ndiye kwathu. Eni ake ndimawatcha a Magalasi, chifukwa amavala awiri, ena pamphuno ena pachipumi, koma akafuna kuwerenga mtengo amavula onse. Mkuluyu amandikonda. Ndikangolowa amatereka ketulo, n'kundilola kuyesa matepi pa kativi kake ka kuseri kwa kauntala. Mumzinda uno munthu wokuuza kuti khala pansi ndi wosowa.

Tepi sugula ndi maso okha. Umatsegula kachivindikiro n'kununkhiza, ikamveka chuku umaisiya, chifukwa imeneyo imapha deki yoonetsera kanema. Mabuku a ana ambiri amakhala othyoka msana, ndiye a Magalasi amandipatsa motchipa. Ine ndimatola tizidutswa ta nsalu za sofa timene timataya kuntchito, n'kumata nato misana ija ndi guluu, kenako ndimawatsindika ndi mwendo wa bedi mpaka aume. Mnzanga wa m'chipinda, wophika buledi uja, akuti ndatsegula chipatala cha mabuku, ndipo posachedwa andiitanira apolisi chifukwa ndilibe chiphaso.

Tsono mverani. Mabenchi aja a m'chipinda choonetsera kanema mmisiri awonjezere awiri. Katani ya pawindo ikhale yakuda, dzuwa limapha chithunzi. Tepi ikatha muziibweza kuchiyambi musanaiike m'chikuto chake, ndipo kamnyamata kathu Kamimba kasamaigwire ndi manja ake a mafuta aja.

Disembala ndikubwera, ndipo sindidzabwereranso kuno. Zaka zitatu zakwana. Ndikatseka maso ndimadziona nditakhala pakhomo pa chipinda chathu cha kanema ndikulandira anthu, Namafunso ali pa shelefu yake akubwereketsa mabuku kwa anzake. Mizere iwiri imene analemba m'munsi mwa kalata yanu ndaidula n'kuimata pakhoma pamodzi ndi ina ija. Muuzeni kuti dzanja lake laposa langa.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo ake a Namafunso

20 Epulo

Amake Namafunso,

Kalata yanu alamu andipatsa, ndipo ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino. Ine ndili moyo. Chala chimodzi ndinachiboola ndi mfuti yokhomera nsalu, koma chapola. Kuntchito awiri awachotsa. Ine ndikadalipo.

Mukuti chipinda chikumadzaza mpaka ena amakhala pansi. Mawu amenewa ndawawerenga mokweza kuti wophika buledi amve, poti iye amati ndikutaya thukuta langa pa zinyalala za eni. Koma amake mwana, mundiuzeko bwino. Ndikafunsa kuti anthu akonda kanema uti, inu mumangoti onse ndi abwino. Onse bwanji? Ngakhale ana a mimba imodzi wina amakhala wosamva. Ndiuzeni amene akumati abwerezedwe, kuti ndisamangosankha ngati wakhungu pamsika.

Mayi wosaseka uja ndamugonjetsa. Anandiuza mtengo wa tepi ina ya akuba a pa sitima, ine ndinainunkhiza pamaso pake, n'kukwinya nkhope, n'kuyamba kutuluka. Anandiitana ndili pakhomo. Ananditsitsira, n'kundiponyeranso ina ya katuni yaulere, akuti ndichoke ndisamuthamangitsire makasitomala ndi mphuno yangayo. Ndikhulupirira kuti kukamwa kwake kunagwedezeka pang'ono.

Koma zazikulu mwezi uno ndi ziwiri. Choyamba ndi cha Namafunso. Pansi pa mulu wa magazini onyowa kwa a Magalasi ndinafukula buku lalikulu la mbalame, tsamba lililonse chithunzi chamitundu. Muli mbalame ina ya mchira wautali kuposa thupi lake, ina imamanga chisa ndi matope ngati mmisiri. Msana unali utatheratu, masamba akulendewera pa ulusi. Ndalisoka kaye, kenako ndamata ndi nsalu yobiriwira ya timaluwa tachikasu, yotsala pa sofa ya mayi wina wa agalu awiri. Nditakawaonetsa a Magalasi analitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti ndili ndi manja. Mwanayo aziliwerenga atasamba m'manja.

Chachiwiri ndi chanu. Ku shopu ya mphaka kuja ndinkangotembenuza malekodi kuti nthawi ipite, kenako maso anagwera pa nyimbo ija tinavina pa ukwati wa msuweni wanu, tsiku limene munandiponda mapazi mpaka nsapato yobwereka inang'ambika. Ndinamukankha mphaka, anandikanda, koma lekodi ndinatenga. Ili ndi kamzere kamodzi kodumphitsa singano cha kumapeto. Muiike pa galamafoni ya malemu bambo anu, mundikumbuke.

Achimwene anu ulendo uno anali pa changu, tiyi anamwa choimirira. Ndinati ndiwasenzere katoni mpaka ku depoti, ndikaone m'mene amaisungira mu lole poti mvula ingalowe. Anakana, akuti alonda a kumeneko salola alendo. Anaikweza m'takisi. Munthu wolira umphawi tsiku ndi tsiku kukwera takisi! Komabe muwathokoze, akutithandiza.

Ndine wanu yemwe uja,
Bambo ake a Namafunso

1 Juni

Amake Namafunso,

Kalata ino ndaitumiza pa positi, sindinafune kudikira lole. Musadzidzimuke, kulibe maliro. Ndili bwino, ndipo ndikhulupirira kuti inunso ndi ana mwadzuka bwino. Kwayamba kuzizira, Kamimba muzimuveka juzi ngakhale alire.

Lachinayi magetsi anazima kuntchito, abwana anatibalalitsa m'mawa. Ine pokhala munthu wopanda kopita, miyendo inanditengera ku mashopu kuja. Chibwerere kuno ndinali ndisanapiteko pakati pa sabata. Kumakhala zii. Mayi wosaseka amawodzera pa mpando, ndipo a Magalasi amatulutsa tebulo lina pakhonde, limene Loweruka sindinalionepo.

Patebulopo panali buku la mbalame, la msana wobiriwira wa timaluwa tachikasu.

Ndinalinyamula n'kulitembenuza. A Magalasi atatuluka n'kundiona, moni sanapereke, anayamba kupukuta magalasi, awa kenako awo. Ndinafunsa kuti bukuli lachokera kuti. Anati anthu obweretsa zinthu ndi ambiri, nkhope zawo sazisunga. Tsiku limenelo ketulo sanatereke.

Sindikufuna kunamizira munthu. Dziko ndi lalikulu, mwina mumzinda uno muli wina amene amamata mabuku ndi nsalu za sofa. Nditanena zimenezi wophika buledi anaseka mpaka kutsamwa, akuti amisala a mtundu wanga Mulungu salenga awiri. Mwinanso katoni inang'ambika m'takisi, buku n'kugwa, wina n'kutola. Zimachitika. Koma mtima wanga sukukhazikika, ndipo ndikakumbukira takisi ija ndimayamba kuwaganizira zoipa alamu, chinthu chimene sindifuna poti ndi magazi anu.

Ndiye chonde, pitani pa shelefu ya Namafunso mukayang'ane. Ngati buku la mbalame lilipo, ndiuzeni ndizigona tulo. Ngati silinafike, ndiuzeninso, sindikwiya. Inu mlandu mulibe, mumangolandira zimene mwapatsidwa. Tidzaona ine ndi inu m'mene tingawafunsire achimwene anu mwaulemu. Yankho mutumize pa positi, pa adiresi ya kuntchito, ndipo iwowo musawauze kaye.

Mwamuna wanu,
Bambo ake a Namafunso

29 Juni

Amake Namafunso,

Moni. Ndamva kuti muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Mwalemba kuti buku lilipo, Namafunso salisiya, amagona nalo kumutu. M'munsi mwake mwana walemba ndi dzanja lake kuti, "Ababa zikomo, mbalame ya mchira wautali ndaikonda."

Bukulo lili pamiyendo panga pano, ndi limene ndatsamiritsapo pepala ndikulemberali. Ndinaligula tsiku lomwe lija, kachiwiri, pa mtengo wokwera chifukwa akuti ndi lokonzedwa bwino. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkafuna zoona zichokere kwa inu. Ndi lomwelo, musayambe zoti alipo awiri. Nsalu ija inali ndi kabowo ka ndudu, ndinakapindira mkati mwa chikuto, kali pomwepo. Ulusi ndi wakuda wosokera sofa, ndipo mfundo zake ndi zanga.

Nditawerenga kalata yanu ndinanamizira kupita kuchipatala, n'kuyenda kamsewu konse kaja shopu ndi shopu, ngati munthu wofuna mbuzi zake zobedwa. Kwa mayi wosaseka ndinapeza wophika wonenepa wa atsekwe, amene munati ana anaseka mpaka wina anadzikodzera. Akuba a pa sitima analinso pomwepo. Patebulo la a Magalasi panali misana yofiira, yabuluu, yamizeremizere, sofa zonse zimene ndaveka chaka chino zili ndandanda. Ku shopu ya mphaka ndinapeza lekodi yanu. Ndinapempha kuti aiike, singano inadumpha pamalo pomwe paja. Munandilembera kuti munalira mutaimva. Munaimvera kuti?

Ndinatuluka m'shopumo. Ndinakhala pa benchi ya pa siteshoni mabasi akubwera n'kumapita, mpaka wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndaferedwa. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Khoswe wa padenga waulula wa padzala. Ine ndimati wakuba ndi mmodzi. Mumtima ndinkakutetezani, ndikuti mkazi wanga akumupusitsa monga akundipusitsira ine. Tsono kalata yanuyi ndiiyese chiyani? Ngati makatoni sakufika, anthu odzaza chipinda aja akumaonera chiyani, khoma?

Ndiyankheni zoona, ngakhale zikhale zowawa bwanji. Ndalama ya mwezi uno ndatumiza pa positi, ana asavutikire nkhani za akuluakulu.

Ndine,
Bambo ake a Namafunso

17 Ogasiti

Amake Namafunso,

Ndikulemba osadziwa ngati muli bwino kapena ayi, poti chiyambire Juni muli duu. Kalaliki wa kuntchito wafika pondipukusira mutu ndisanafunse n'komwe. Chifuwa chija chabwerera.

Poti inu simukuyankhula, ndafunsa ena. A Magalasi ndinawapeza Loweruka, tebulo la pakhonde lija palibe. Ndinaika buku la mbalame pa kauntala. Sanavutike n'kukana.

"Mwana wanga, ine ndimagula zimene zafika pakhomo," anatero. "Wa lole uja amabwera nayo katoni ili chimangire, chingwe chako chomwecho. Nditani ine, ndimubweze?"

"Chiyambire liti?"

"Aa, kalekale. Chaka chino, chatha, mwina n'kuseri kwake."

"Ndiye Loweruka mumabisa?"

"Ndimaika kuseri kuti mtima wako usapweteke. Matepi ndimapatsa mayi uja, malekodi kwa wa mphaka. Onse amadziwa kuti Loweruka ndi tsiku lako."

Kamsewu konse, amake mwana. Anthu amene ndinkawapatsa moni ndi manja awiri. Ndikamadutsa ndi jumbo langa ndikumwetulira, iwo ankadziwa kuti mwezi usanathe zibwerera. Tepi ina ya nkhonya ndikukumbuka kuti ndinaigula kawiri, ndikuti yoyamba ikatha ndi kuonetsa mudzakhale ndi ina. Inali yomweyo. Ndisanatuluke mkuluyo anati, "Mabuku ako amayenda msanga. Bwanji uzingondimatira ine, ndizikulipira?" Kenako anati ndikhale pansi ndimwe tiyi. Sindinamwe.

Achimwene anu mwezi watha sanaoneke. Lachiwiri lapitali anatulukira akuimba mluzu, anakhala pa bedi langa n'kufunsa katoni. Ndinawaikira buku lija pamaondo. Analiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuseka.

"Aa, alamu, nkhani yake ndi imeneyi? Nkhope imeneyo ndimayesa kwagwa maliro."

Ndinati andiuze kumene akhala akupititsa katundu wa ana anga.

"Katundu? Mapepala otaya eni akewa? Lole ija ndi ya kampani, si ngolo ya zinyalala. Ine ndimasandutsa zinyalala zanu kukhala sopo ndi shuga, mukanandithokoza. Funsani mkazi wanu, ine ndimangotumidwa."

Zimene zinachitika kenako mukamva kwa iwo, ndipo akathira mchere. Chinasweka ndi kapu yokha, chifukwa wophika buledi anandigwira mkono. Mnzangayu sanandisekenso chiyambire tsiku limenelo, ndipo bola akanamaseka. Alamu m'chipinda muno asadzapondemonso, muwauze.

Akuti amangotumidwa. Ndikufuna ndimve kwa inu kuti akunama. Ndakhala ndikupemphera kuti akhale akunama.

Bambo ake a Namafunso

21 Seputembala

Amake Namafunso,

Kalata yanu yafika. Ndayamika kuti ana ali bwino. Za ine musafunse.

Ndibwereze zimene mwalemba, kuti ngati ndamva molakwa mundikonze. Deki ndi tivi, zimene ndinagonera ndi njala chaka choyamba kuti ndizigule, munagulitsa mvula yoyamba isanathe, lole ya achimwene anu itagumula mpanda wa eni, kuti asawachotse ntchito. Munati mudzawombola, simunawombole. M'chipinda cha kanema muli matayala awo. Mabenchi sanakhomedwe n'komwe. Katani yakuda imene ndinkalimbikira ija ndiye kaya. Makatoni munawauza ndinu kuti asamavutike kubwera nawo.

Kugulitsa deki ndikanamva. Mlongo ndi mlongo, nanenso ndili ndi abale. Mukanandilembera kuti zavuta, ndikanakwiya, ndikanatukwana khoma, kenako tikanayambiranso. Koma inu munandigwiritsa fuwa lamoto, n'kundisiya ndizivina ng'oma itang'ambika kalekale.

Mukuti munaopa kuti ndikamva ndibwerera ku mowa. Mukuti munapita nayo nkhaniyi kwa amayi, iwo n'kunena kuti, "Musiyeni azisewera ndi timabuku take, bola sakumwa." Amayi anga ondibereka! Mowa ndinausiya ndekha Kamimba ali m'mimba, palibe anandinamiza kuti ndiusiye. Ine ndinkayesa ndikumanga tsogolo la nyumba yathu, pamene nonsenu munkaona mwana amene mwamupatsa chitini kuti aziimba asalire.

Mukuti ndalama za makatoni zinkathandiza pakhomo. Ndani anakana kukutumizirani ndalama? Mukanangoti siyani matepi, onjezerani ya sopo. Achimwene anu ankandidyera masuku pamutu, inu n'kumalandira makoko, n'kumathokoza.

Koma chimene chikundiwotcha si deki, si alamu, si a Magalasi. Ndinkadzifunsa kuti mwana anadziwa bwanji za mbalame ya mchira wautali, buku asanalione. Mwayankha nokha kuti munkamuwerengera makalata anga, n'kumuuza zoti alembe. Ndiye kuti mabodza onse ndinkakutumizirani ndine, inu n'kumangowabweza ndi dzanja la mwana wanga. Kamtsikana kakang'onong'ono munkakakhazika patebulo, kukapatsa cholembera, kukaphunzitsa kunamiza bambo ake mwaukhondo, osadetsa pepala. Timapepala take tonse tija ndinamata pakhoma ndatimatula. Kutaya ndalephera, tili pansi pa matiresi.

Mwapempha kuti ndikukhululukireni. Sindikudziwa. Sindingalembe mawu amene sali mumtima mwanga, akwana amene alembedwa kale pakati pathu. Ndalama ya yunifolomu ili m'njira.

Ndine,
Bambo wa ana anu

16 Novembala

Amake Namafunso,

Moni kwa inu ndi ana. Amayi muwauze kuti ndili moyo ndipo sindikumwa, poti ndi chokhacho amafuna kudziwa.

Makalata anu awiri ndalandira. Mukufunsa tsiku lofika. Disembala sindibwera. Abwana akufuna anthu otsala pa tchuthi, ndalembetsa, ndipo ndavomeranso chaka china. Ndibwere kudzakhala pakhomo pa chiyani, pa matayala? Ndalama izibwera pa positi mwezi ndi mwezi, yochulukirapo, poti tsopano ndilibe koitaya. Denga la kukhitchini mukonzetse mvula isanalimbe. Kamimba mumugulire nsapato zokulirapo, phazi lake silidikira munthu.

Loweruka lapitali miyendo inanditengeranso ku kamsewu kaja ine ndisakufuna. Kwa a Magalasi sindinalowe. Ndinapitirira mpaka ku shopu ina yatsopano kumene sandidziwa. Dzanja linasolola lokha kabuku ka nsomba kothyoka msana, mutu n'kuyamba kale kusankha nsalu. Kenako ndinadzifunsa kuti ndikumatira ndani, n'kukabwezera. Sindinkadziwa kuti masana a Loweruka ndi aatali chonchi.

M'kalata yanu yachiwiri munali kapepala ka Namafunso. Mukuti analemba yekha inu muli kumadzi, n'kukalowetsa mu envulopu. Akuti, "Ababa pepani. Ndinkalira polemba zija. Bwerani." Ndakawerenga ndili chiimire, ndakawerenganso nditakhala. Mwina ndi zoona. Mwina mwana wanga ankaliradi, ndipo akundiitana ndi mtima wake wonse. Mwinanso munali kumbuyo kwake mukumuuza kuti apa lemba kuti unkalira, abambo ako afewa. Ndayang'anitsitsa zilembo zake, ndi zomwe zija, zoongoka bwino ngati za masiku onse. Sindikutha kusiyanitsa. Madeki mukanagulitsa khumi sindikanalira chonchi. Mwana wanga akundiitana, ine ndikufufuza ngati akunama.

Buku la mbalame ndatumiza pa positi kwa aphunzitsi ake, akamupatse m'manja kusukulu. Ndi lake, iye sanalakwe. Koma musamuuze kuti andilembere zikomo, ndipo akafuna yekha mumuletse. Asalembenso chilichonse m'makalata anu. Zimene ali nazo asunge, adzandiuze ndi pakamwa tsiku limene ndidzamuyang'ane m'maso. Tsikulo musandifunse.

Ndine,
Bambo wa ana anu